Mai Esther Rolle, Amene Anakana Nyumba Yopanda Bambo

 Lero m'nkhani zathu za mbiri yakale tikamba za mai wina wa ku America, dzina lao Esther Rolle, amene nchito yao inali kucita masewero, ndipo anamwalira m'caka ca 1998. Anthu ambiri a dziko lija akali kuwakumbukira ndi dzina la Florida Evans, ndilo dzina limene anali nalo m'sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa Good Times, limene linayamba m'caka ca 1974 ndi kutha m'caka ca 1979.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga munthu wongoseketsa anthu ali ndi mbiri yanji yoti tikhalire pansi?" Yankho lace ndi ili. Mai amenewa anadikira mwai wao zaka pafupi-fupi 30, ndipo pamene mwaiwo unafika, iwo anauza eni nchito kuti sadzaulandira pokha-pokha atakonza cinthu cimodzi. Munthu ali yense amene anaimapo pamaso pa bwana ali ndi mau m'kamwa, alikudziwa kuti ufa wa ana ace uli m'manja mwa bwanayo, adzaimva bwino nkhani imeneyi.

Mwana wa mlimi

Esther Rolle anabadwa pa 8 November, 1920, ku Pompano Beach, m'cigawo ca Florida, kum'mwera kwa dziko la United States. Makolo ace anali alendo m'dzikomo, pakuti anacokera ku zisumbu za Bahamas, ndipo atate ace anali mlimi wa ndiwo zamasamba. M'nyumba imeneyo munabadwa ana 18, ndipo Esther anali wa nambala 10. Taganizani nokha kukula kwa mphika wophikira anthu otere, ndi kulemera kwa nchito ya bambo woudzaza tsiku ndi tsiku.

Masiku amenewo ku Florida, monga m'zigawo zonse za kum'mwera, kunali malamulo a tsankho. Mwana wakuda anali ndi sukulu yace, mwana wa Mzungu yacenso. M'sitima, m'cipatala ndi m'nyumba zodyeramo munali momwemo. Koma makolo a Esther analimbikira kuti ana ao aphunzire. Iye anatsiriza sukulu, napita ku Spelman College, koleji ya atsikana akuda mu mzinda wa Atlanta, ndipo pambuyo pace anakwera kumpoto kunka ku New York. Sanali yekha pa ulendo wotere. Kuyambira ca m'ma 1910 kufikira 1970, anthu akuda pafupi-fupi 6,000,000 anasiya minda ya kum'mwera kukafuna nchito m'mizinda yaikuru ya kumpoto ndi kumadzulo, monga New York, Chicago, Detroit ndi Los Angeles.

Abale ace awiri akazi, Estelle Evans ndi Rosanna Carter, anadzakhalanso ocita masewero. Estelle ndiye anali Calpurnia, mkazi wophika wa m'cithunzi-thunzi cochuka ca To Kill a Mockingbird ca m'caka ca 1962.

Zaka za kudikira

Ku New York masewero sanali kudyetsa munthu, makamaka mkazi wakuda. Cotero Mai Rolle anagwira nchito zaka zambiri m'dera la mafakitale osoka zobvala, napitiriza maphunziro ao, ndipo nthawi yotsalayo anali kuphunzira kubvina ndi kucita masewero. Mphunzitsi wao wa magule anali munthu wa ku Africa, Asadata Dafora, wobadwira ku Freetown m'dziko la Sierra Leone, amene anafika ku New York m'caka ca 1929, nasonkhanitsa gulu la obvina ndi oimba ng'oma lochedwa Shogola Oloba. Iye anafuna kuonetsa anthu a ku America kuti magule a ku Africa ali ndi mwambo ndi tanthauzo, ngakhale ambiri anali kuwayesa phokoso cabe. Mai Rolle anabvina m'gululo zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1960 anakhala mtsogoleri wace.

Pang'ono-pang'ono anayamba kuoneka m'masewero a m'nyumba zazikuru za mzindawo. Anacitako m'masewero awiri olembedwa ndi James Baldwin, ndiwo Blues for Mister Charlie m'caka ca 1964, ndi The Amen Corner m'caka ca 1965. M'caka ca 1967 kunakhazikitsidwa gulu la Negro Ensemble Company, loti anthu akuda azilemba ndi kucita masewero onena za moyo wao-wao, ndipo Mai Rolle anali mmodzi wa oyamba kulowamo. Anzao a pa nchito anali kuwalemekeza, koma kunja kwa New York dzina lao silinali kudziwika, ndipo anali atapitirira kale zaka 50.

Cimene kanema anali kuonetsa

Tisanapitirire, tiyeni tione cimene anthu anali kupenya pa wailesi ya kanema m'zaka zimenezo, pakuti popanda ici sitidzamvetsa cimene Mai Rolle anali kulimbana naco.

M'zaka za m'ma 1950 makina a kanema analowa m'nyumba zambiri za ku America, ndipo masewero okondedwa koposa anali a banja. Sabata ndi sabata, tsiku lomwelo ndi ora lomwelo, anthu anali kukhala pansi kupenya nyumba imodzi-modzi: bambo acoka ku ofesi, mai amlandira, ana alakwa kanthu, makolo awalangiza, ndipo isanathe theka la ora zonse zakonzeka. Mai wochuka wa mtundu umenewu anali June Cleaver wa m'sewero la Leave It to Beaver, la 1957 mpaka 1963, amene anacitidwa ndi Barbara Billingsley. Panalinso Donna Reed ndi Jane Wyatt. Onsewa anali Azungu, nyumba zao zaudongo, amuna ao a nchito zokhazikika.

Mkazi wakuda akaoneka, kawiri-kawiri anali ku khichini. Sewero la Beulah, la 1950 mpaka 1953, linali la wanchito wa m'nyumba amene nzeru zace zonse zinali kuthera pa kukonza mabvuto a banja la Azungu. Ana ace-ace ndi nyumba yace sizinali kuoneka. M'caka ca 1968 kunadza Julia, sewero limene Diahann Carroll anali namwino wophunzira bwino, ndipo anthu anati zinthu zasintha. Koma Julia anali wamasiye, mwamuna wace atafa ku nkhondo ya ku Vietnam, ndipo anali kulera mwana yekha. Mwamuna wakuda akaoneka, nthawi zambiri anali citsiru kapena tambwali, monga m'sewero la Amos 'n' Andy la 1951 mpaka 1953, limene bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP linalitsutsa kolimba.

Ndiponso m'caka ca 1965 mkuru wina wa boma, Daniel Patrick Moynihan, analemba lipoti lonena kuti pafupi-fupi banja limodzi pa mabanja 4 a anthu akuda linali m'manja mwa mkazi. Lipotilo linautsa mkangano waukuru, ndipo anthu ambiri anayamba kulankhula monga ngati nyumba ya munthu wakuda ndiyo nyumba yopanda bambo. Koma werengani bwino. Ngati limodzi pa 4 linali lotero, ndiye kuti 3 sanali otero. Amuna amene anali kudzuka m'banda-kuca kunka ku mafakitale ndi ku njanji, ndi kubwera madzulo kwa akazi ao ndi ana ao, anali ocuruka ndithu, koma pa kanema sanali kuoneka.

Kukana kwa Mai Rolle

M'caka ca 1972 Mai Rolle analikucita m'sewero la Don't Play Us Cheap la Melvin Van Peebles, ndipo m'caka comweco Norman Lear, mkuru wokonza masewero a pa kanema, anawaitana ku California kuti akalowe m'sewero lace latsopano lochedwa Maude. Malo amene anawapatsa anali omwe aja akale: wanchito wa m'nyumba ya Mzungu. Dzina lace Florida Evans. Koma Florida sanali wanchito wogwada ndi kumwetulira. Dona wace, Maude, amene anacitidwa ndi Bea Arthur, anali mkazi wofunitsitsa kuonetsa kuti alibe tsankho, kufikira kumtopetsa naye wanchitoyo. Ndipo Florida anali kumyankha modekha, ndi mau ocepa koma olasa. Openya anamkonda Florida, cotero eni masewero anaganiza zompatsa sewero lace-lace.

Apa ndipo pali mtima wa nkhani yathu. Maganizo oyamba anali akuti Florida akhale mai wolera ana atatu yekha, wopanda mwamuna. Mai Rolle anali ndi zaka 53, ndipo aka kanali koyamba kuti apatsidwe malo oyamba m'sewero lopenyedwa ndi dziko lonse. Munthu wa msinkhu umenewo adziwa kuti mwai wotere subwera kawiri. Koma iwo anakana. Anati iwo anakula ndi atate abwino, ndipo sadzabvomera kuuza dziko lonse kuti ana akuda alibe atate ao. Ngati sewero lifuna Florida, likhalenso ndi mwamuna wace, wokhala m'nyumba momwemo, wogwira nchito, wokonda ana ace.

Eni masewero anagonja. John Amos, amene anali ataoneka kale m'Maude monga mwamuna wa Florida, anatengedwa kuti akhale bambo wa nyumbayo, dzina lace James Evans. Bambo Amos anali wamng'ono kwa Mai Rolle ndi zaka 19, koma pa kanema palibe amene anaona cacilendo. Good Times inayamba kuonetsedwa ndi kampani ya CBS pa 8 February, 1974, ndipo iwerengedwa kuti ndiyo sewero loyamba loseketsa la sabata ndi sabata loonetsa banja la anthu akuda lokhala ndi bambo, mai ndi ana pamodzi.

Banja la a Evans

Banja la m'sewero linali kukhala ku Chicago, m'nyumba zosanjikizana zimene boma linamangira anthu osauka. Zithunzi zoyambira sewero zinajambulidwa ku nyumba za Cabrini-Green, kumene pa nthawi yina kunali kukhala anthu 15,000, ndipo Eric Monte, mmodzi wa awiri amene anaganiza sewerolo, anakulira komweko. Mnzace anali Mike Evans. Nyumba yotsiriza ya zitali-zitalizo inagwetsedwa m'caka ca 2011.

James Evans anali munthu wosaphunzira kwambiri, wamphamvu, wokalipa msanga, koma wosathawa udindo. Lero atsuka mbale m'nyumba yodyeramo, mawa atsuka magalimoto, mkuja nchito yatha. M'sewero loyamba leni-leni iye apambana mayeso olowera maphunziro a nchito ya manja, banja lonse likondwera, ndipo pofika kumeneko amuuza kuti zaka zace zapitirira. Florida anali mkazi wopemphera, wosunga kakobiri kali konse, wokana ndarama zobwera m'njira yokhota ngakhale tsiku limene lendi yasowa. Ana anali atatu: J.J. wamkuru, wodziwa kujambula zithunzi. Thelma, mtsikana wanzeru. Ndi Michael wamng'ono, wokonda mabuku ndi nkhani za ufulu wa anthu akuda.

Anthu anali kuseka, koma zimene anali kusekazo zinali zolemera: kucotsedwa m'nyumba cifukwa ca ngongole, magulu a anyamata acifwamba, matenda othamanga magazi, mayeso a ku sukulu okondera ana a anthu olemera. Ndipo nthawi zonse madzulo bambo anali kulowa pa khomo, nakhala pa mpando wace. M'caka ca 1974 mpaka 1975 Good Times inali pakati pa masewero 10 openyedwa koposa m'dziko lonselo, ndipo openyawo anali akuda ndi Azungu omwe.

Walira mvula walira matope

Bvuto linabadwira m'kupambana komweko. Jimmie Walker, mnyamata amene anali J.J., anali katswiri woseketsa anthu, wamtali, woonda, wa mayendedwe odabwitsa. Iye anali ndi liu limodzi limene anali kupfuula alikuomba m'manja, liu limene inu a pansi pa mgodi mulidziwa bwino, pakuti ndilo dzina la wonga wophulitsira miyala: "Dyn-o-mite!" Anthu anali kugwa nako kuseka, ana m'miseu analitola, ndipo olemba sewero, poona kuti ici ndico cikoka anthu, anayamba kumuonjezera J.J. malo sabata ndi sabata. Luso lace la kujambula linayamba kuiwalika. Cimene cinatsala ndi cisoti, kutuzula maso ndi ulesi.

Mai Rolle ndi Bambo Amos anadandaula. M'caka ca 1975 Mai Rolle analankhula poyera m'magazini ya Ebony kuti mnyamata ameneyu ali ndi zaka 18 koma sagwira nchito, saganiza, ndipo olemba alikumpusitsa-pusitsa ndi kumkuza, pamene Michael, mwana wokonda kuwerenga, alikumcepetsa. Cimene iwo anali kuopa cinali ndi mbiri yace. Kale ku America Azungu anali kudzipaka makala kumaso ndi kucita masewero oonetsa munthu wakuda monga waulesi ndi wopusa, ndipo cithunzi cimeneco cinathandiza kuti anthu akhulupirire kuti tsankho liri loyenera. Mai Rolle anaona cithunzi comweco cirikulowanso pa khomo la nyumba imene iwo anaimenyera nkhondo.

Koma tisaweruze mlandu titamva mbali imodzi. Bambo Walker anali kunena kuti iye analembedwa nchito yoseketsa anthu, ndipo anaigwira bwino. Ndiponso masewero a pa kanema ku America alipiridwa ndi amalonda olengeza katundu wao, ndipo amalondawo ayang'ana ciwerengero ca openya. Openya akacepa, sewero litsekedwa, ndipo onse ocitamo asowa nchito. Cotero J.J. ndiye anali kudzaza nkhokwe imene onse anali kudyamo. Akuru anati walira mvula walira matope. Ofuna kuti dziko lonse lipenye banja la a Evans anayenera kulandiranso cimene dzikolo linakonda kupenya. Funso linali lakuti matopewo afike pati, ndipo pa funso limeneli sanamvane.

Imfa ya James Evans

Bambo Amos anali munthu wosabisa mau. Iye anakangana kawiri-kawiri ndi olemba sewero, amene ambiri a iwo anali Azungu, nawauza kuti sadziwa m'mene banja lakuda lilankhulira ndi m'mene licitira. M'caka ca 1976 anamcotsa nchito. Iye mwini anabvomera pambuyo pace kuti pa masiku amenewo sanadziwe kudandaula mofatsa. Caka cotsatira anaoneka monga Kunta Kinte atakula, m'sewero lalikuru la Roots lonena za ukapolo, ndipo anakhala ndi moyo kufikira caka ca 2024.

Tsono eni sewero anayenera kufotokoza kumene bambo wa nyumba wapita, ndipo anasankha kumupha. Nkhani inalembedwa motere: James wapita ku Mississippi, wapeza nchito yabwino m'garaja, ndipo banja lirikumanga katundu kuti limtsatire. Anansi asonkhana pa phwando lotsazikana, Florida alikuwerenga mauthenga a lamya owafunira ulendo wabwino, ndipo pakati pa mauthengawo apeza wina wonena kuti James wafa pa ngozi ya galimoto.

Cimene Mai Rolle anacita m'sewero la sabata lotsatira cikumbukiridwa kufikira lero. Pa maliro ponse Florida salira. Alandira alendo, awapatsa cakudya, aseka nao pokumbutsana za malemuyo, kufikira ana ace akwiya naye, nayesa kuti mai wao alibe cisoni. Alendo atapita, iye ayamba kucotsa mbale yekha. Anyamula mbale yaikuru ya galasi, aima nayo kanthawi, ndipo mwadzidzidzi aiponya pansi, nipsweka, napfuula katatu ndi liu la munthu wothyoka mtima. Pamenepo ana athamanga namgwira. Ali yense amene anaonapo mai wamasiye akudzilimbitsa pamaso pa anthu cifukwa ca ana adziwa kuti umu ndimo zikhalira. Ndipo amene anadziwa mbiri ya sewerolo anaona cinanso: nyumba yopanda bambo imene Mai Rolle anaikana pa ciyambi ndiyo imene tsopano anaimamo, patapita zaka zosakwana 3.

Kucoka ndi kubwerera

Mai Rolle anapirira caka cimodzi. M'caka cimeneco olemba anampezera Florida mwamuna wina, Carl Dixon, munthu wosakhulupirira Mulungu, ndipo iwo sanakondwe naco, pakuti anati mkazi wopemphera ngati Florida, amene anamkonda James cotero, sangakwatiwenso msanga motero. M'caka ca 1977 anasiya nchito. Openya anauzidwa kuti Florida wapita ndi mwamuna wace watsopano ku Arizona, ndipo ana anatsala m'manja mwa mnansi wao Willona, amene anacitidwa ndi Ja'Net DuBois. M'caka comweco munalowa kamtsikana ka zaka 11, Janet Jackson, amene pambuyo pace anadzakhala woimba wochuka.

Pano tiyenera kunena zoona. Kucoka kwa Mai Rolle kunasiya nyumba ija yopanda bambo ndi yopanda mai yemwe, ndiko kuipa koposa cimene iwo anakana poyamba. Munthu akasiya nchito cifukwa ca cilungamo, mtima wace upumula, koma mpando wace utsala wopanda munthu, ndipo otsalawo acita zimene afuna. Akakhalabe, dzina lace likhala pa cinthu cimene sabvomereza. Palibe njira yopanda mtengo wace, ndipo ambiri a inu mwaimapo pa mphambano yotere.

Openya anacepa, ndipo eni sewero anapita kukawapempha kuti abwerere. Iwo anabvomera m'caka ca 1978, koma anaika mau ao patsogolo: malipiro akwere, nkhani zilembedwe bwino, J.J. akhale mnyamata wodziwa udindo, ndipo Carl Dixon asaonekenso. Zinacitika momwemo. Florida anabwera kwa ana ace, napeza nchito yoyendetsa basi ya ana a sukulu. Koma anthu ambiri anali atasiya kale kupenya, ndipo Good Times inatha mu August, 1979, itaonetsedwa masewero 133.

Zaka zotsiriza

M'caka comweco ca 1979 Mai Rolle analandira mphotho ya Emmy, ndiyo mphotho yaikuru ya masewero a pa kanema ku America, cifukwa ca sewero la Summer of My German Soldier. M'menemo anali Ruth, wanchito wa m'nyumba amene akonda ndi kucinjiriza kamtsikana kosakondedwa ndi makolo ace. M'caka ca 1989 anali Idella, wanchito wa m'nyumbanso, m'cithunzi-thunzi ca Driving Miss Daisy, ndipo caka comweco anali Lena Younger, mai wa banja losauka la ku Chicago, m'sewero la A Raisin in the Sun pamodzi ndi Danny Glover. Anaonekanso mu Rosewood m'caka ca 1997, ndi mu Down in the Delta, cithunzi-thunzi cimene anatsogolera Maya Angelou, m'caka ca 1998.

Ena anali kudabwa kuti munthu wolimbikira ulemu wa anthu akuda abvomera bwanji kucita wanchito wa m'nyumba kawiri-kawiri. Iwo sanaone manyazi pa nchito imeneyo. Anali kunena kuti aphunzitsi ambiri ndi atsogoleri ambiri a anthu akuda anaphunzitsidwa ndi ndarama za amai ao otsuka ndi kuphika m'nyumba za anthu ena. Mako ndi mako, angacepe mwendo. Cimene iwo anakana ndico kuonetsa wanchitoyo monga munthu wopanda nyumba yace, wopanda nzeru zace ndi wopanda anthu omkonda. M'caka ca 1990 bungwe la NAACP linawapatsa mphotho yace ya utsogoleri pa nkhani za ufulu, ndipo anali mkazi woyamba kuilandira.

Mai Rolle anakwatiwa m'caka ca 1955, ukwati nutha m'caka ca 1975, ndipo sanabale mwana wao-wao. Anamwalira pa 17 November, 1998, ku Culver City m'cigawo ca California, ndi matenda a shuga, patapita masiku 9 cikwanitsire zaka 78. Mtembo wao unatengedwa kunka kwao ku Pompano Beach, kumene atate ao anali kulima.

Kodi anapambana?

Wina anganene kuti Mai Rolle analephera, pakuti James Evans anaphedwa, ndipo liu la J.J. ndilo limene anthu ambiri akali kulikumbukira. Koma ine ndiyesa kuti sanalephere. Kwa zaka zoposa 2, sabata ndi sabata, anthu mamiliyoni anapenya mwamuna wakuda wosauka alikubwera ku nyumba atatopa, alikukangana ndi mkazi wace za ndarama, alikulanga ana ndi kuwakumbatira, ndipo m'mawa alikupitanso kukafuna nchito. Ana akuda anaona pa kanema munthu wofanana ndi atate ao, ndipo Azungu amene sanalowepo m'nyumba yotere anaona m'kati mwace. Pambuyo pace panalibenso wonena kuti anthu sadzapenya banja lakuda lathunthu, ndipo pamene sewero la Family Matters linayamba m'caka ca 1989, la banja la ku Chicago komweko, bambo wace wapolisi, panalibe amene anafunika kumenya nkhondo kuti bamboyo akhalemo. James Evans sakadakhalako konse Mai Rolle akadalandira nchito ija monga inadzera.

Inu abambo amene mulikumvera, masewero a pa kanema ali ndi eni ace, ndipo ife sitingawalamulire. Koma ana a m'nyumba mwanu alikupenya khomo madzulo ali onse, ndipo adziwa bwino ngati mulowa tsiku la malipiro monga mulowera masiku ena onse. Mai Esther Rolle anaika nchito yao pa ciswe kuti ana a eni aone bambo wa m'sewero cabe alikulowa pa khomo pace.